Munthu Amene Ankafufuta Mayina

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse pa moyo wa a Jameson Kamtambe, ndipo mpaka lero chimandizunguzabe mutu. Anali ndi mawu awiri okha pakamwa pawo amene akanapulumutsa nyumba ya mayi wamasiye. Mawuwo anali oona, ndipo munthu woti akanachita nawo manyazi anali kale kumanda. Koma iwo sanawanene. Ena amawakumbukira ngati munthu wokhulupirika, ena amati anali wouma mtima. Ine sindiwayamikira, komanso sindiwadzudzula. Ndingofotokoza mmene zinayendera.

A Kamtambe anabadwira kufupi ndi Mpingu. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka pamene bambo awo analephera fizi, kenako anagwira ntchito zaka zambiri pa malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, yolemba timapepala tomata pa matumba a mbewu. Atapuma ntchito anadzakhala kwawo kwa akazi awo, cha ku Nsaru, monga mkamwini wina aliyense. Ana analibe. Mayiwo atamwalira, abale awo sanawathamangitse bambowo, poti anali munthu wosasowetsa anzake mtendere. Anangowasiyira kanyumba, kadimba ndi nkhuku zingapo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, alendo ena ochokera kunja anasiya makatoni a mabuku pa tchalitchi cha m'deralo. Akulu a mpingo anathokoza bwinobwino, n'kusowa chochita nawo mabukuwo, mpaka chiswe chinayamba kuwalawa. Apo mpamene a Kamtambe anapempha chipinda chakale chimene ankasungiramo fodya wa m'munda wa mpingo. Anachizira okha, anakhomamo matabwa a bulugamu, ndipo pamwamba pa chitseko analemba ndi laimu kuti Laibulale. Fungo la fodya silinachokemo. Munthu akabwereka buku, kunyumba ankadziwa kumene lachokera asanalitsegule.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Buku lililonse linali ndi kathumba kumapeto, ndipo m'kathumbamo munali khadi. Munthu akabwereka buku, a Kamtambe ankatulutsa khadilo, n'kulembapo dzina lake ndi pensulo, n'kuliponya m'chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa mpando wawo. Buku likabwera, ankafufuta dzinalo mwini wake akuona, n'kuuzira zinyenyeswa, n'kubwezera khadi m'kathumba. Makadi a mabuku okondedwa anafufutidwa mpaka kubooka pakati. Choncho mayina amene ankapezeka m'chitinimo anali a anthu okhawo amene mabuku adakali nawo kunyumba.

Aphunzitsi a pa pulayimale ankawaseka.

"A Kamtambe, kodi inki yakwera mtengo? Tisonkhe tikugulireni bolopeni?"

"Ikani ndalama zanu m'mbale Lamulungu," ankayankha motero. "Pensuloyi ikundikwanira."

Bambo wina anadzafunsa kuti akazi ake akuwerenga chiyani masiku ano, poti ayamba kuyankha pafupipafupi. A Kamtambe anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumagona nyumba imodzi, eti? Kafunseni eni akewo." Nkhaniyo inafala, anthu anaseka, ndipo amayi ambiri anayamba kufika ku laibulale akamachokera ku chigayo.

Chimene chinawapangitsa kukhala otero palibe anachidziwa. Ena ankati m'nthawi ya chipani chimodzi mkulu wawo anatengedwa chifukwa cha magazini imene wina anamuona nayo, ndipo sanabwererenso. Iwo sanavomere, sanakanenso. Ukawafunsa, ankayamba kukamba za mbozi za mu mpiru.

Chaka chotsatira njala yaikulu ija, kunabwera Moses. Anali mlimi wa fodya, mnyamata wanthabwala, amene sukulu anailekera mu sitandade 3 ndipo ankawerenga mochita kulozera ndi chala. Mkazi wake Rute, wa ku Nambuma, ndiye anali wowerenga weniweni, sabata siinkatha osafika ku laibulale. Rute anali pa chitengwa, kutanthauza kuti anatengedwa kudzakhala kumudzi kwa mwamuna wake, pa munda wa abale a mwamunayo. Zimene zinachitika tsiku limene Moses anafika ku laibulale lero si chinsinsinso. Mnzake wa Moses, amene ankamudikira panja ndi njinga, anadzaulula pa mowa zaka zitadutsa, pamene panalibenso woti apulumuke nazo. Nthawi imene zinkafunika anakhala chete, poopa kuti naye anthu amuloza chala.

Moses analowa masana, ana a sukulu atapita. Anapempha buku la matenda a fodya, n'kuima nalo pakona akulitembenuza. Kenako anatenga kabuku kobiriwira, kofotokoza mmene munthu angakhalire ndi kachilombo koyambitsa Edzi, n'kukalowetsa m'kati mwa lafodyalo.

"Amenewo ndi mabuku awiri, Moses," anatero a Kamtambe osadzutsa mutu. "Makadinso awiri."

Moses anaseka. "Maso anuwo, madala, mukanakhala wogula fodya ku okushoni, tonse tikanasiya ulimi."

"Lafodyalo lisiye ngati sukulifuna. Likungokulemera."

Moses analibwezera. Anaima pafupi ndi tebulo, kolala ya malaya ikuoneka yaikulu pakhosi pake.

"Dzinanso mulemba?"

"Ndilemba. Ukabweza ndifufuta."

"Nanga ndikafa ndisanabweze?" Anayesa kusekanso koma chifuwa chinamutsekereza. Chitatha anati, "Amayi anga asadzamve, madala. Ndi okalamba. Rute ndimuuza ndekha, ndikapeza mphamvu."

"Sunayenera kupempha. Pano sipatuluka dzina la munthu, lako kapena la wina aliyense."

Mphamvuzo Moses sanazipeze. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kumidzi, ndipo matendawo anthu ankangowatchula monong'ona. Rute anamusamala mpaka pamapeto, kumutembenuza, kumuchapira, kumutengera ku chipatala pa ngolo. Anamwalira fodya ali m'chigafa, asanamangidwe mabelo.

Poyamba abale a Moses analibe naye chifukwa Rute. Mayi ake a malemuyo ankamukonda, ndipo zinkamveka kuti pa tsiku lomusudzula, pamene abale a mwamuna amamasula wamasiye, adzamuuza kuti akhalebe m'nyumba yawo yamalata ndi kumalima mundawo mpaka ana atakula. Koma alongo ake a Moses, posesa m'nyumba maliro atatha, anapeza kabuku kobiriwira kaja katapanikizidwa pakati pa lata ndi mtanda, pamwamba pa bedi. Kanali ndi chidindo cha laibulale. Funso linali limodzi: m'nyumba muno amawerenga ndani?

A Bizwell Kanyenda, malume ake a Moses, ndiwo anali mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo. Sanali munthu wankhanza. Moses anamulera okha bambo ake atathawira ku Zimbabwe, ndipo imfa yake inawasiya ngati munthu amene akufuna khoma loti alimenye. Anafika ku laibulale m'mawa, atavala jekete la Lamulungu, n'kuika kabukuko pa tebulo.

"Aka ndi kanu?"

"Ndi ka pano. Zikomo. Pepani ndi zovutazi, achimwene."

A Kamtambe anawerama, anatulutsa chitini, n'kuyamba kusanthula makadi ndi zala. A Bizwell anadikira, poganiza kuti munthuyo akufunafuna khadi kuti awaonetse. Anaona akulitulutsa, akulitchinga ndi dzanja, akutenga chofufutira. Anamva kuuzira kuja. Mpaka khadi litalowa m'kathumba mpamene anazindikira chimene chachitika pamaso pawo.

"Mwachita chiyani?"

"Buku labwera."

"Ine sindinabweze buku! Ndabweretsa umboni!"

"Mwaliika pa tebulo ili, achimwene. Buku likafika pa tebulo ili, labwera."

A Bizwell anatsomphola kabukuko, anasolola khadi, n'kukaima nalo pa windo. Analitembenuza uku ndi uku. Panali potuwa pokha, pamene mayina ambiri analembedwapo ndi kufufutidwa.

"Chabwino. Koma m'mutu mwanumo dzina lilimo."

"Lilimo."

"Nenani."

"Ayi."

"Mwana wa mlongo wanga ali m'dothi. Mkazi uja ankadziwa kuti akudwala, n'kumawerenga timabuku take mwakachetechete, mwanayo akutha ngati kandulo. Inu n'kumufufutira?"

"Zimenezo mwanena ndinu. Ine sindinatchule munthu."

A Bizwell anaponya khadilo pansi. Ali pakhomo anacheuka. "Musaiwale kuti kuno ndinu mkamwini, ndipo amene anakubweretsani kuno anagona kale."

Mawa lake kunabwera Rute, atavala duku lakuda, mwana wamng'ono ali kumbuyo, wamkulu Mtendere atamugwira chitenje. Sanakhale pa benchi. Anagwada pakhomo monga amachitira mwana kwa bambo ake, poti a Kamtambe ndiwo ankaphunzitsa kalasi ya amayi obwera kumene mu mpingo, ndipo ndiwo anamuonetsa laibulale atangofika ku chitengwa.

"Abambo, kabuku kaja ine sindinakagwirepo. Inu mukudziwa."

A Kamtambe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndikudziwa kuti ndi bambo a Mtendere anatenga. Ndani winanso? Koma ndikanena ine akuti ndikunamizira wakufa. Sindikuti mutchule munthu. Mungonena kuti si Rute. Basi."

"M'nyumba mwanu munali akuluakulu awiri, mwanawe. Ndikati si Rute, ndatchula winayo."

"Winayo wafa! Achita manyazi kumandako?"

"Zimene ukudziwa iwe, nena, ndi zako. Zimene ndikudziwa ine ndinazidziwira pa tebulo ili." Anagunda chitini ndi chidendene. "Muno muli mayina a atsikana, a amayi a pabanja, a akuluakulu amene sungawaganizire. Ndikanena lero kuti si uyu, mawa adzabwera ndi buku lina kudzafunsa za mayi wina. Tsiku limenelo ndikadzakhala chete, aliyense adzadziwa kuti ndi yemweyo."

"Ndiye ana angawa akagone panja chifukwa cha mayi amene mlandu wake sunabadwe?"

A Kamtambe anavalanso magalasi awo.

"Munkatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, abambo. Nanga kukhalira choonadi, mnzako akuphedwa ndi bodza, timati chiyani?"

"Ndidzabwera pa tsiku losudzulalo. Ndidzanena za khalidwe lako, mmene unamusamalira."

Rute anadzuka, n'kukonza mwana kumbuyo. "Khalidwe langa akulidziwa kale. Sakufunsa limenelo."

Atapita, a Kamtambe anatseka laibulale dzuwa lili pamutu, chinthu chimene anali asanachitepo. Anapita ku dimba, anagwira khasu, koma sanalime. Ankadziuza kuti Moses sakumvanso kanthu. Ankadziuzanso kuti Moses analowa pakhomo paja chifukwa chodziwa kuti ngakhale atafa dzina lake silidzatuluka, ndipo popanda zimenezo sakanalowa n'komwe. Maganizo awiriwo ankangosinthana, lina likagona lina n'kudzuka.

Tsiku lina ananyamuka ndithu kupita kwa mayi ake a Moses, atatsimikiza mtima kuti akawauze iwo okha, nkhani ithere pomwepo. Anawapeza pa khonde akusenda mtedza, maso atachita khungu ndi ukalamba. Mayiwo anawazindikira ndi mawu.

"A Kamtambe! Mwadzandiona? Moses wanga ankakutchulani bwino. Mwana uja, bambo, analibe chilema. Kwa mkazi wake n'kumunda, kumunda n'kwa mkazi wake. Ndikafa ndikamupeza kwa Ambuye."

A Kamtambe anakhala pa mpando umene anawapatsa. Anathandiza kusenda mtedza pang'ono, anapepesa maliro, n'kutsanzika.

Pa tsiku losudzula anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yamalata ija, abale a Moses mbali ina, abale a Rute ochepa ochokera ku Nambuma mbali ina. A Kamtambe anaitanidwa kuti aimirire.

"Sitikuvutitsani," anatero a Bizwell. "Kodi mayiyu amabwereka mabuku kwanu?"

"Anthu ambiri amabwereka."

"Kabuku kaja anabwereka ndi iyeyu?"

"Sindinena."

"Kapena ndi malemu?"

"Sindinenanso." Chipewa anali atachigwira ndi manja onse awiri. "Koma ndipemphe kunena ichi. Buku silidwalitsa munthu. Amene analitenga, kaya ndi ndani, ankafuna kudziwa mmene angakhalire ndi moyo. Ndipo tonse tinaona amene ankakoka ngolo ya ku chipatala ng'ombe zitakana kuwoloka."

Kenako mlongo wamkulu wa Moses analankhula ali chikhalire, osawayang'ana.

"Akanakhala kuti si iyeyu akananena. Akumuikira kumbuyo poti ndi kasitomala wawo."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Rute anadzutsa mutu n'kuwayang'ana a Kamtambe, ndipo aliyense anaona kuti akuwadikira. Milomo yawo inagwedezeka. Anayang'ana nkhalamba ija, mayi ake a Moses, pa mkeka, ikupendeketsa khutu kuti imve bwino. Anakhala pansi.

Rute anasudzulidwa tsiku lomwelo. Anamulola kutenga ana, mphasa, ziwiya ndi zovala zake. Nyumba, munda ndi fodya wa m'chigafa zinatsala. Ngolo yomutenga inadutsa pa msewu wa kutsogolo kwa laibulale, ndipo a Kamtambe anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Mtendere anawabayibitsa. Mayi ake anayang'ana kutsogolo, kumene ng'ombe zinkalowera.

Nkhani siinathere pamenepo. A Bizwell anaitengera ku bwalo la akulu a mpingo. Abusa, munthu wofatsa amene ankadana ndi mikangano, anayesa kufewetsa mawu.

"Abambo, palibe akukana kuti mwagwira ntchito. Koma laibulale ndi ya mpingo, ndipo mpingo ndi kholo. Kholo liyenera kudziwa zimene ana ake akuwerenga."

Anagwirizana kuti kuyambira pamenepo mayina azilembedwa ndi inki m'kaundula, amene mlembi wa mpingo aziona mwezi uliwonse. A Kamtambe anati iwo sangathe, manja awo anazolowera pensulo. Anauzidwa kuti ndiye apereke makiyi ndi chitini chomwe. Anapempha kuti awadikire mpaka anthu atamaliza kukolola, ndipo abusa anavomera msanga, pokondwa kuti msonkhano watha popanda kukalipirana.

Nyengo yonse yokolola a Kamtambe anaithera pa msewu, thumba la feteleza lili paphewa, chitini chili m'khwapa. Ankayenda mudzi ndi mudzi, mpaka kumalire a Kabudula, kutolera mabuku onse amene anali kunja. Akalandira buku ankafufuta dzina pakhomo pomwepo, mwini wake akuona. Sanalandiridwe bwino. Abale a Moses ankatembenuka akawaona. Amayi a chigwirizano, anzake a Rute, ndiwo anali okwiya koposa. Mmodzi anawaponyera buku pa fumbi.

"Tolani. Mabuku ndiwo anthu kwa inu."

Anatola, analikuntha, anafufuta dzina la mayiyo, n'kuthokoza. Pa nyumba ina mtsikana anawatsatira mpaka kuseri kwa nkhokwe, n'kuwapatsa buku lokulungidwa m'chitenje, maso ali pansi. Iwo anafufuta dzina lake kuseri komweko.

Mabuku ena sanapezeke. Ena ananyowa ndi mvula, ena masamba ake anapichiridwa fodya, ena eni ake anasamuka kapena kumwalira. Makadi a mabuku amenewo anakhala nawo pa tebulo nthawi yaitali, chifukwa chiyambire anali asanafufutepo dzina buku lisanabwere. Kenako anawafufuta onse.

Mlembi wa mpingo atatsegula chitini anapeza makadi otuwa okhaokha.

"Nanga mabuku amene sanabwerewa tiwapeza bwanji?"

"Simuwapeza," anatero a Kamtambe, n'kuika makiyi pa tebulo.

Kaundula wa inki uja sanadzaze ngakhale masamba ochepa. Ana a sukulu ankabwerabe kudzafuna mabuku a mayeso, koma amayi ochokera ku chigayo anasiya kupatuka. Posakhalitsa mbali ina ya chipindacho anayamba kusungiramo matumba a chimanga cha chopereka.

A Kamtambe anangokhala pa kanyumba kawo. Ku tchalitchi ankapitabe, n'kumakhala benchi lakumbuyo, koma pa mgonero sankadzuka, ngakhale palibe anawaletsa. Anawonda. Oyandikana nawo ankawaona atakhala pa dimba, khasu lili pambali, mpiru ukuchita maluwa osathyoledwa. Mayi ake a Moses anamwalira m'nyengo yotentha, akutchulabe mwana wawo wopanda chilema, ndipo a Kamtambe anathandiza kunyamula bokosi. Ena anayembekezera kuti tsopano alankhula. Sanalankhule.

Mvula itayamba kugwa kunabwera uthenga wochokera ku Nambuma, woti Rute wamwalira. Kwawoko analibe munda wakewake. Ankakhala m'khitchini ya mchemwali wake, n'kumagwira maganyu mpaka pamene miyendo inakana. Amayi a chigwirizano anachita hayala galimoto yaing'ono ya lole kuti akaperekeze mnzawo. A Kamtambe sanapemphe malo. Nkhuku zawo anapatsa mayi woyandikana naye, anakhoma chitseko, n'kuuyamba wapansi.

Pa maliropo anakhala kumbuyo kwa amuna, pansi pa mtengo wa mango, matope ali mpaka m'maondo. Bambo wina wa m'mudzimo anawafunsa kuti iwo ndani kwa malemu.

"Ndine wa ku Nsaru," anayankha.

Kumanda anaima patali. Mtendere anali m'manja mwa mayi ake aakulu, ndipo ngati anawaona, sanawazindikire. Mwambo utatha, amayi aja anakwera galimoto yawo. Mmodzi wa iwo, yemwe uja anawaponyera buku pa fumbi, anaona nkhalamba ikutuluka m'mudzimo yokha, ndipo mtima unamugunda.

"A Kamtambe! Malo alipo. Kwerani, mvulayi ikubwera."

Iwo anaima. Anakweza chipewa pang'ono monga ankachitira popereka moni, n'kuchibwezera kumutu. Kenako anatembenuka. Sanatsate msewu wobwerera ku Nsaru. Analowa wina, wolowera kumpoto, akuyenda m'mphepete mopewa zithaphwi.

Amayiwo anaganiza kuti mwina ali ndi wachibale chakumeneko. Patapita masabata chitseko chili chokhomabe, abusa anatuma munthu ku Mpingu, koma kumeneko anati sanawaone chimwalirire akazi awo. Wogulitsa ziwiya wina anati anaona munthu wofanana nawo pa msika wa Mponela. Winanso anati ayi, ameneyo anali wamfupi.